Safunsa Anadya Phula

Aliyense amene anafulapo njuchi amadziwa kuti chisa cha uchi sichimezedwa chonse. Umatafuna, n'kuyamwa zotsekemera zija, kenako n'kulavula zotsala. Zotsalazo ndiye phula, losakoma, lokakamira m'mano. Akuluakulu amasimba za mlendo amene anapatsidwa chisa asanachionepo chibadwire. Manyazi anamugwira, sanafunse kadyedwe kake. Anafinya uchi wonse pansi poganiza kuti ndi madzi achabe, iye n'kukhalira kutafuna phula, eni mudzi akungomuyang'ana. Mwambi uja unabadwira pamenepo: safunsa anadya phula.

Ana timawauza mwambiwu akasochera njira kapena akalakwitsa samu chifukwa choopa kukweza dzanja m'kalasi. Ndi tanthauzo loona, koma ndi mwendo umodzi wokha. M'Chichewa kufunsa kuli pawiri. Pali kufunsa kuti udziwe, ndiye pali kufunsa kuti uloledwe, monga mnyamata wofunsira mbeta amene amadziwa kale dzina la mtsikana ndi kwawo komwe, koma amatumabe ankhoswe. Ine ndimaona kuti miyendo iwiriyi imayendera limodzi, ndipo izi zimaonekera bwino pa nkhani ya anthu okumba m'nthaka ya eni.

Kafue ndi tauni ya chitsulo. Mlatho wa njanje pa mtsinje wa Kafue unamangidwa mu 1906, fakitale ya feteleza ya Nitrogen Chemicals of Zambia inabwera cha mu 1970, ndipo masiku ano pali fakitale yosungunula zitsulo imene imadya zitsulo zakutha zochokera m'madera ambiri. Kumene chitsulo chakutha chili ndi mtengo, maso a anyamata osowa ntchito amakhala pansi. Ku Nangongwe, monganso ku Shikoswe ndi ku Zambia Compound, m'Kafue momwemo, mnyamata wonyamula thumba la misomali, mapaipi odukaduka ndi zigamba za malata si wachilendo. Tsono chibukireni golide ku Kasenseli m'boma la Mwinilunga mu 2019, makina ofufuzira zitsulo m'nthaka, aja anyamata amati ditekita, anatchuka m'Zambia muno. Kamtengo kokhala ndi mbale kunsonga, ukakayendetsa pamwamba pa dothi kamalira kakamva chitsulo. Kamalira chimodzimodzi pa plot yako ndi pa plot ya mnzako, sikadziwa malire.

Tiyerekeze kuti mnyamata wotere waona malo a bwinja kuseri kwa nyumba ina ku Nangongwe, ndipo ndi wolereka bwino, sanadumphe mpanda. Waima pageti.

"Odi kuno, amayi!"

"Lowani, bambo. Nkwabwino?"

"Nkwabwino ndithu. Ndimati ndipemphe kuyendetsako makinawa kuseri kuja. Ndikapeza kanthu tigawana."

"Iii, mwananga, ine pano ndine walendi. Eni nyumba ali ku Lusaka, amabwera kumapeto kwa mwezi."

Apa ndi pamene ambiri amadyera phula. Mayi uja sanakane, ndiye mnyamata amadziuza kuti wafunsa. Koma wafunsa munthu amene alibe mphamvu yopereka chimene akupempha. Ku England zinachitikadi zotere mu 2015: amuna awiri anapeza ndalama zasiliva ndi zokongoletsa zagolide za zaka zoposa 1,000 pafupi ndi Leominster. Chilolezo cha mwini malo weniweni analibe, ndipo zimene anapezazo sanakanene kuboma, anayamba kugulitsa mwamseri. Mu 2019 khoti linawatumiza kundende zaka zambiri. Akanatsata njira, lamulo la kumeneko likanawapatsa gawo la mtengo wa chumacho.

Kuno kwathu eni nthaka ndi osanjikizana ngati mabulangete a mu Juni. Pamwamba pali wogona m'nyumbamo. Pansi pake pali mwini plot, amene mapepala ake ali kukhonsolo kapena ku unduna wa malo. Ukatuluka m'tauni n'kulowa kumidzi, pali anyakwawa ndi mfumu yaikulu, monga Nkomeshya Mukamambo II wa Asoli. Pansi pa onsewa pali boma: lamulo la malo la 1995 linaika nthaka yonse ya Zambia m'manja mwa Pulezidenti m'malo mwa anthu onse, ndipo wokhala ndi mapepala a plot amangobwereka, kawirikawiri kwa zaka 99. Miyala ya mtengo wapatali ndiye nkhani ina. Golide wa pansi pa munda wako si wako chifukwa choti chimanga chili pamwambacho ndi chako. Ngakhale munthu wokhala ndi laisensi ya migodi, lamulo la migodi la 2015 linamuletsa kukumba pa mtunda wosakwana mamita 180 kuchokera pa nyumba yokhalamo anthu, kapena mamita 45 kuchokera pa munda wolimidwa, popanda kalata ya mwini wake. Pa malo a mfumu linafuna kalata ya mfumu ndi ya khonsolo. Ngati kampani ya magalimoto akuluakulu imauzidwa kuti iyambe yati odi, nanga mnyamata wa kamtengo kolira?

Koma kuopa ndende si mtima wa mwambiwu. Mlendo uja sanamangidwe, sanalipitsidwe mbuzi. Anangotaya chokoma n'kutsala ndi chosakoma, pamene womuuza anali pambali pake pomwepo. Mwini malo amadziwa zimene makina sadziwa. Amadziwa kuti pamene pakulirapo padutsa paipi ya madzi, ndipo ukaiboola mzere wonse wa nyumba ugona ndi ludzu. Amadziwa pamene panali chimbudzi chakale chimene anangotseka ndi malata n'kuthira dothi pamwamba. Amadziwa kumene kwadutsa waya wa magetsi. Agogo ena adzakulozera pansi pa mtengo wa mango n'kunena motsitsa mawu kuti, "Apo ayi, pagona mwana." Palibe chizindikiro, palibe mtanda, ndipo ndi banja lokhalo limene limadziwa. Wopempha chilolezo amalandira mapu osalembedwa amenewa kwaulere. Wolowa usiku amaphunzira ndi khasu lake, paipi itaphulika kale.

Pali eni ena amene sangayankhe odi, ndiwo amene anatsogola. Mukatsika msewu wa ku Chirundu kuchokera ku Kafue n'kukhotera wa ku Siavonga, mufika pafupi ndi Lusitu, pa kachitunda kotchedwa Ingombe Ilede. Mu 1960 anthu okumba maziko a thanki ya madzi, yothandiza Atonga amene anasamutsidwa chifukwa cha damu la Kariba, anagunda mafupa a anthu. Nkhani inafika kwa akatswiri a zakale, J. H. Chaplin anakumba chaka chomwecho, Brian Fagan n'kudzapitiriza pambuyo pake. Anapeza anthu oikidwa ndi mikanda yagolide, mitanda yamkuwa, waya wamkuwa, mikanda yagalasi yochokera kutsidya kwa nyanja ndi zidutswa za nsalu. Chifukwa chakuti zinthuzo zinaonedwa zili m'malo mwake, mkanda uli pakhosi, chibangili chili padzanja, lero tikudziwa kuti chigwa cha Zambezi chinali pa njira ya malonda yofika kugombe la nyanja ya Indian zaka mazana angapo zapitazo. Okumba thanki aja akanangotola mikanda n'kuika m'matumba, ikanasungunulidwa, aliyense n'kugula njinga kapena wailesi, ndipo nkhani yonse ikanathera pomwepo. Golide wochotsedwa m'manda mwakabisira ndi phula lenileni: amalemera pa sikelo, koma uchi wake, womwe ndi mbiri, watayikira pansi.

N'chifukwa chake lamulo la 1989 limene linakhazikitsa National Heritage Conservation Commission limateteza zinthu zakale zopangidwa chisanafike chaka cha 1924, ndipo wozipeza ayenera kuleka kukumba n'kukanena. Mwini plot ngakhale atakuuza kuti kumba, alibe mphamvu yokupatsa mphika wa makolo kapena khasu la m'manda. Tikudziwanso kuwawa kwake zinthu zikatengedwa eni asanafunsidwe: chigaza cha munthu wamakedzana chimene chinapezeka mu mgodi wa Broken Hill ku Kabwe mu 1921 chili ku London mpaka lero, Zambia ikuchipemphabe.

Sindikufuna kunamizira kuti kufunsa n'kotsika mtengo. Mnyamata wa ku Nangongwe akhoza kundiyankha kuti, "Akulu, inu mwadya. Ndikafunsa andikaniza, kapena akumba okha ine nditachoka, kapena afuna theka pomwe makina ndabwereka ndi ndalama." Zonsezi zimachitika, ndipo pali eni malo aumbombo amene amamva kulira kwa makina n'kuyamba kuona golide pamene pali chitini cha sadini. Ngakhale ku Staffordshire, ku England komwe kuja, kumene wofufuza wina anapeza chuma chachikulu mu 2009 ali ndi chilolezo, n'kugawana ndi mwini munda ndalama zoposa mapaundi 3 miliyoni, awiriwo anadzadana pambuyo pake. Kufunsa sikuchiza dyera. Chimene kumachita n'kusuntha mkangano kuti uchitike dzenje lisanakumbidwe, manja onse ali opanda kanthu, pamene anthu amatha kumvana mosavuta. Pamenepo mumapangana kuti ukumba kuyambira pati mpaka pati, dzenje akwirira ndani, chopezeka chigawidwa bwanji, ndipo chikakhala chakale mukanena limodzi. Muitane wapampando wa dera kapena mkulu wa mpingo akhale mboni, mulembe ngakhale pa pepala long'amba m'kope la mwana wasukulu.

Mnyamata wathu uja tinamusiya pageti. Mayi walendi alowa m'nyumba, atuluka ndi foni, amuwerengera nambala ya eni nyumba. Lero ndi pa 9, mwezi uli kutali kutha, ndipo makina ayenera kubwezedwa Loweruka. Iye ayang'ana kuseri kuja kamodzinso, akoleka kamtengo kake paphewa, n'kufunsa ngati pafupi pali pogulitsa mayunitsi.