Mbusa ndi Mkondo: Funso la Chikhulupiriro pa Kuukira kwa John Chilembwe

Funso lakuti kodi mtumiki wa Mulungu angakhetse mwazi pofuna kuwombola anthu ake kwa olamulira achilendo lazunguza akatswiri a zaumulungu kwa zaka mazanamazana, ndipo m'Malawi muno limaonekera poyera pa moyo wa Mbusa John Chilembwe wa ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu. Chilembwe adayamba kutumikira mmishonale Joseph Booth mu 1892, adapita naye ku America mu 1897 kumene adakaphunzira zaubusa ku Lynchburg, ndipo atabwerako mu 1900 adakhazikitsa mishoni ya Providence Industrial Mission, imene ambiri amangoitcha PIM. Kwa zaka zoposa khumi zida zake zidali sukulu, ulaliki ndi tchalitchi cha njerwa, kotero kuti amene afuna kumuweruza ayenera kuyamba wafunsa chimene chidamuchotsa pa njira imeneyi.

Gawo lina la yankho lili ku Magomero, pa esiteti ya A. L. Bruce, kumene anthu, ambiri a iwo Alomwe ochokera ku Mozambique, ankagwira thangata, kutanthauza ntchito yokakamiza imene munthu ankagwirira mwini esiteti ngati malipiro a malo amene wamangapo nyumba. Woyang'anira malowo, William Jervis Livingstone, adali wankhanza, ndipo adatenthetsa matchalitchi audzu amene Akhristu a PIM adamanga kumeneko. Nkhondo ya 1914 itafika ku Karonga ndi kupha asilikali achikuda, Chilembwe adalembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times yodandaula kuti amphawi akufera mkangano umene si wawo, koma boma m'malo momumvera lidayamba kulingalira zomuthamangitsa m'dziko.

Chiphunzitso cha nkhondo yolungama, chimene adachiyala Augustine ndi kuchikonza Thomas Aquinas, chimati nkhondo imaloledwa ngati chifukwa chake ndi choyenera, cholinga chake ndi chabwino, ndipo wailamula ndi mwini ulamuliro wovomerezeka. Otsatira awo adawonjezerapo kuti pakhale chiyembekezo chopambana komanso kuti osalakwa asaphedwe. Pa chifukwa ndi cholinga, mlandu wa Chilembwe ndi wolimba. Pa ulamuliro ndi pamene chiphunzitsochi chimapunduka, pakuti chidalembedwa ndi anthu amene ankaganiza za mafumu olamulira mitundu yawoyawo, osati za boma lobwera ndi mfuti, lolanda nthaka ndi kukhometsa msonkho wa nyumba kwa anthu amene silidawapemphe chilolezo. Amene amatsutsa Chilembwe potchula Aroma 13, chaputala cholamula kumvera olamulira, ayenera kufotokozanso chifukwa chake boma lomwelo lidali ndi ufulu wotumiza ana a eni dziko kukafa ku Karonga, pamene eni dzikowo adalibe ufulu wodziteteza pakhomo pawo. Chiyembekezo chopambana chidalidi chochepa, koma muyeso umenewu ukagwiritsidwa ntchito mouma mtima umalola nkhondo kwa amphamvu okhaokha.

Komabe kulungama kwa chifukwa sikuyeretsa zonse zimene zidachitika usiku wa pa 23 Januwale 1915. Anthu a Chilembwe adapha Livingstone ndi azungu ena awiri, pamene gulu lina lidakathyola nkhokwe ya mfuti ya kampani ya Mandala ku Blantyre osapezamo zambiri. Akazi ndi ana a azunguwo sadaphedwe, ndipo ichi chikusonyeza kuti oukirawo ankasiyanitsa wolakwa ndi wosalakwa. Koma m'mawa mwake, tsiku Lamulungu, mutu wa Livingstone udaonetsedwa pa mapemphero pamene Chilembwe ankalalikira, ndipo pano palibe chiphunzitso chachikhristu chimene chingamuikire kumbuyo, chifukwa ngakhale mdani wankhanza adalengedwa m'chifaniziro cha Mulungu, ndipo gome la ulaliki si malo oonetserapo kubwezera. Kuvomereza zimenezi sikuchepetsa ulemu umene dziko limapatsa Chilembwe pa 15 Januwale chaka chilichonse.

Chilembwe adawomberedwa pa 3 Febuluwale 1915 kufupi ndi malire a Mozambique cha ku Mulanje. Boma lidagumula tchalitchi cha ku Mbombwe ndi mabomba, lidapha ambiri mwa otsatira ake ndi kumanga ena mazana, ndipo PIM idakhala yotseka mpaka Dr. Daniel Malikebu adaitsegulanso mu 1926. Komiti yofufuza imene bomalo lidakhazikitsa idavomereza kuti pa esiteti ya Bruce padalidi nkhanza, koma thangata lidapitirirabe mpaka zaka zoyandikira ufulu wa 1964.