Pulagi Yachilendo Pakhoma la Kwathu

M'nyumba zambiri za ku Area 18, kaya ku 18A kapena ku 18B, pabalaza pali ngodya imodzi imene mlendo saiona, ndipo ngakhale eni nyumba amaipitirira akamasesa. Ndi kuseri kwa kabati yoikapo wailesi, kumene mawaya amapotana n'kukathera pasoketi imodzi yapakhoma. Kutsogolo kuli masipika onyezimira ndi sabuwufa yogwedeza mawindo, koma mutawerama n'kusuzumira kuseriko mungapeze pulagi ya mano awiri itakanikizidwa mokakamiza, kamtengo ka machesi katatsala m'bowo lapamwamba, mwinanso mawaya osasenda bwino atangolowetsedwa popanda pulagi n'komwe. Kodi n'chifukwa chiyani munthu wosamala chonchi pa zooneka amagona tulo pa zobisikazi?

Nyimbo zinayamba kalekale kubwera m'dziko muno m'katundu wa apaulendo. Azigogo athu amene anapita kumigodi nthawi ya Wenela ndi TEBA ankabwerera ndi mawailesi ndi magumbagumba oyendera mabatire, ndipo lero adzukulu awo akutsika m'mabasi ochokera ku Johannesburg atanyamula makatoni a zoimbira zamagetsi. Mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, n'zoona, ndipo palibe chochititsa manyazi kusangalala ndi thukuta la m'bale wako. Koma katundu wa ku Joni amabwera ndi pulagi ya mano atatu onenepa, obulungira. Wochokera ku Mozambique kapena ku Ulaya nthawi zambiri amakhala wa timano tiwiri. Pomwe khoma lathu lili ndi mabowo atatu a ngodya zinayi, mtundu umene dziko la Britain linayamba kugwiritsa ntchito mu 1947 ndipo ife tinautengera kumeneko.

Amene anakonza pulagi ya mtundu wa Britain umenewu ankaganizira anthu amene sadzawaona. Dzino lapamwamba, lija la waya wa earth, ndi lalitali kuposa anzake, kotero limayamba ndilo kulowa, ndipo likamalowa limakankha kachitseko kamene kamatseka mabowo awiri odutsa magetsi. Mkati mwa pulagimo mulinso fiyuzi, kawaya kakang'ono kamene kamalolera kuduka kuti chingwe chisatenthe n'kuyatsa nyumba. Tsono bambo akatenga machesi n'kutsegula kachitseko kaja kuti pulagi yachilendo ilowe, amaona ngati wagonjetsa vuto, nyimbo n'kuyamba kulira, koma wachotsa mlonda amene sanaikidwepo chifukwa cha iye. Kachitsekoko kanaikidwa chifukwa cha mwana wokwawa, amene amatola msomali kapena foloko n'kufuna kudziwa chimene chili m'bowo. Ndi malamulo angati m'moyo amene timawaona ngati chipsinjo chifukwa chongoti sakuteteza ifeyo, koma wina wofooka amene sangathe kudzilankhulira? Ndimaopa kuti munthu wozolowera kunena kuti "bola zikuyaka" pakhoma la nyumba yake angadzanenenso chimodzimodzi pamsewu, kuntchito, ngakhale pa ndalama za mpingo.

Ena amagula adaputa, ndipo achita bwino kuposa a machesi, ngati adaputayo ndi yolimba ndipo ili ndi fiyuzi. Komabe adaputa imangosintha maonekedwe a mano, sisintha mphamvu ya magetsi. Magetsi a ESCOM ndi a mavoti 230, ofanana ndi a ku South Africa, choncho chochokera kumeneko chimangofuna pulagi yoyenera basi. Koma ampulifaya imene mlongo wanu watumiza kuchokera ku America inapangidwira mavoti 120, ya ku Japan mavoti 100, ndipo ngati kuseri kwake sikunalembedwe kuti imalola mpaka 240, mudzaimva ikununkha kupsa nyimbo yoyamba isanathe. Inalowa bwinobwino, palibe anaikakamiza, koma m'kati munalibe mgwirizano. Kodi si momwemo mmene timalandirira zambiri zakunja, miyambo, kaleredwe ka ana, ngakhale kapembedzedwe, pongoona kuti zakwana pamalo pake, osafunsa ngati zinapangidwira mphamvu imene ikuyenda m'makoma mwathu? Sindikunena kuti tizikana. Ndikunena kuti kulandira chinthu mwaulemu ndi kuyamba wachiwerenga, kudziwa chimene chingapirire ndi chimene sichingapirire.

Chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti vutoli silichokera ku umphawi. Banja limene lakwanitsa kugula zoimbira za ndalama zankhaninkhani silingalephere pulagi, imene mtengo wake sufika n'komwe pa mayunitsi a mwezi umodzi. Chimasowa ndi mtima woona kuti chaching'ono chimene sichibweretsa matamando chikufunikanso dzanja lathu. Pulagi yosagwira bwino imatentha pang'onopang'ono, soketi imachita chikasu kenako n'kuda, ndipo kuno kumene magetsi amathima masana n'kudzayaka usiku anthu atagona, palibe amakhala maso kuti amve kuthetheka kwake. Moto ukabuka m'nyumba zoyandikana ngati zathuzi sufunsa kuti machesi anaika ndani.

Choncho inu a kuno ku 18, ndi inunso a ku Kawale, ku Biwi ndi ku Area 25, Loweruka likudzali sunthani kabatiyo muone zili kuseri. Werengani mavoti olembedwa kumbuyo kwa chipangizo chilichonse, ndipo chimene chikufuna 100 kapena 120 musachilumikize popanda thiransifoma. Mapulagi achilendowo adulitseni kwa munthu wodziwa zamagetsi wokhala ndi chiphaso cha MERA, akuikireni a mano atatu okhala ndi fiyuzi yoyenera, ndipo soketi iliyonse yakuda kapena yosweka isinthidwe tsiku lomwelo.