Kalilole Tamuyang'anitsa Kuti?

Ambiri a ife tinayesapo kale. Tadzuka m'mamawa ana asanadzuke, takhala pamkeka, tatseka maso kuti tisinkhesinkhe. Mphindi ziwiri zisanathe, maganizo afika kale kusukulu kumene fizi sitinamalize kulipira, adutsa kumunda kumene feteleza sitinathire, ndipo akathera kwa mlamu uja amene anatilankhula mawu opweteka pamaliro chaka chatha. Timanyamuka tikunena kuti, "Izi si za ine, mutu wanga ndi waphokoso." Mawa lake sitiyesanso.

Tisafulumire kudziweruza, abwenzi. Phokosolo silinayambe m'mawa umenewo. Linalipo dzulo lonse, kungoti wailesi, foni ndi macheza zinkaliphimba. Kukhala chete kwangotipatsa mpata wolimva. Madzi otungidwa kumtsinje m'dzinja amabwera ali ofiira ndi matope, ndipo palibe amawayeretsa powatakasa. Timaika ndowa pansi n'kuisiya, matope amadikha okha. Tsiku loyamba, mwinanso mwezi woyamba wonse, timakhala tikungoona matopewo akuzungulira.

Koma pali funso lina lovutirapo, ndipo ndi limene tikufuna tikambirane. Tiyerekeze kuti matope adikha, mtima wakhaladi zii. Kodi pamenepo tasanduka anthu abwino?

Pa 12 Januwale 1913, 'Abdu'l-Bahá analankhula za nkhaniyi mumzinda wa London, m'nyumba yosonkhaniramo a Quaker ku St Martin's Lane. A Quaker ndi Akhristu amene pamapemphero awo amakhala chete nthawi yaitali, kudikira kuti Mzimu uwalankhule, choncho ankalankhula ndi anthu oidziwa bwino ntchito yokhala chete. Anawauza kuti munthu sangathe kulankhula ndi kusinkhasinkha pa nthawi imodzi, ndiponso kuti posinkhasinkha munthu amafunsa mzimu wake mafunso n'kulandira mayankho. Ananenanso kuti nzeru za sayansi ndi luso la zojambula ndi zoimba zimatuluka m'mphamvu imeneyi. Kenaka anayerekeza mphamvuyi ndi kalilole. Kalilole sasankha. Ukamuyang'anitsa ku zinthu za pansi pano aonetsa zomwezo, ndipo ukamuyang'anitsa kumwamba aonetsa kuwala kwa kumwamba.

Fanizo limeneli liyenera kutichititsa mantha pang'ono. Munthu amene akukonza zobwezera mnzake amakhalanso chete, ndipo maganizo ake amakhala pa chinthu chimodzi osagwedezeka. Amene akuganiza mmene angalandire munda wa mkazi wamasiye sachita phokoso. Nafenso, tikakhala pamkeka paja mphindi khumi tikubwereza mawu a mlamu aja, tikumakonza yankho limene tikanamupatsa, tasinkhasinkha ndithu, koma tanyamuka ndi chakukhosi chokhwima kuposa chimene tinagona nacho. Bata lokha silikonza munthu. Chofunika ndi kumene tayang'anitsa kalilole.

N'chifukwa chake sitiyamba ndi mutu wopanda kanthu. M'buku la Kitáb-i-Aqdas, lovumbulutsidwa mumzinda wa 'Akká cha m'ma 1873, Bahá'u'lláh anatilamula kuwerenga Mawu a Mulungu m'mawa ndi madzulo. Anatichenjezanso kuti tisawerenge mpaka kutopa, popeza ndime imodzi yowerengedwa ndi chimwemwe iposa zambiri zowerengedwa mwaulesi. Ndime imodzi yokha. Timaiwerenga pang'onopang'ono, timatseka buku, kenaka timakhala nayo n'kudzifunsa kuti ikutanthauza chiyani kwa ife lero, m'nyumba ino, ndi anthu amene tikumane nawo. Maganizo akathawira ku fizi, sitikalipa ayi. Timawabweza ku ndimeyo monga mbusa abweza mbuzi yolowera m'munda mwa eni, ndipo ikathawanso amaibwezanso. Kubwezako ndiye ntchito yake yeniyeni, si chizindikiro chakuti talephera.

M'buku lomwelo tinalamulidwanso kuti tsiku lililonse, titasamba m'manja ndi kumaso, tikhale pansi n'kutchula Alláh-u-Abhá ka 95. Aliyense amene amachita izi akudziwa kuti n'zotheka kufika pa 95 pakamwa pakuyenda pokha, mtima uli kumsika. Akudziwanso kuti masiku ena, cha pakatikati, mpweya umayamba kuyenda pang'onopang'ono ndipo Dzinalo limayamba kumveka m'kati. Masiku oterowo sitingawaitanitse, timangokhalapo tsiku ndi tsiku. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kupatula pa zimenezi, sitinapatsidwe njira imodzi yoti aliyense azisinkhasinkhira. Shoghi Effendi, m'makalata olembedwa m'malo mwake, anafotokoza kuti nkhaniyi inasiyidwa m'manja mwa munthu aliyense. Wina zimamuyendera atakhala pakhonde, wina akuyenda kupita kumunda kusanache. Ife a m'magulu a maphunziro tisamale apa, chifukwa n'kosavuta kuti amene njira yake yamukomera ayambe kuiphunzitsa kwa anzake ngati lamulo.

Wina mwa ife akhoza kufunsa, ndipo ndi funso loyenera: kodi zimenezi si za anthu okhuta? Mayi wa ana asanu, wokhala m'nyumba ya chipinda chimodzi, amene ayenera kukatunga madzi kumjigo mzere usanatalike, mphindi khumi azitenga kuti? Ndipo akazipeza, kodi sikudzikonda kukhala phee ntchito ikudikira? Sitinganame kuti n'zophweka. Ena a ife tidzapeza mphindi zitatu zokha, madzi a phala akuwira, ndipo zitatu za tsiku lililonse ziposa ola lathunthu la kamodzi pamwezi. Koma za kudzikondazo, yankho lake silipezeka pamkeka. Limapezeka masana, mwana akataya ndiwo, kapena kondakitala wa minibasi akatibera chenji. Ngati pakati pa kupsa mtima ndi kutsegula pakamwa payamba kuoneka kampata kakang'ono, kokwanira kusankha mawu, ndiye kuti mphindi zija sitinadyere tokha. Mwanayo ndi kondakitalayo apindula nazo osadziwa. Ngati patapita miyezi tikungomva kukoma m'mawa koma a m'nyumba mwathu sakuona kusintha kulikonse, tiyenera kumuyang'ananso kalilole uja.

Madzulo ndi nthawi yabwino yomuyang'anira. Buku la Mawu Obisika limatilangiza kudziwerengera mlandu tsiku lililonse imfa isanatifikire modzidzimutsa. Kudziwerengera mlandu si kudzizunza. Ndi kuliyang'ana tsikulo moona mtima: ndalankhula chiyani, ndam'mana ndani, ndathokoza ndani.

Ndipo mlamu uja adzabweranso m'maganizo, pakuti zoterezi sizichoka msanga. Nthawi ino tisamuthamangitse, komanso tisayambe kukonza mayankho. Timuike pambali pa ndime imene tawerenga, tifunse mzimu wathu kuti pa nkhaniyi mbali yathu inali yotani. Mwina tidzakumbukira kuti tsiku la maliro lija iye ndi amene anachezera usiku wonse akuthamangira bokosi ndi chakudya cha anthu, pamene ife tinafika dzuwa litakwera. Kwawo ndi ulendo wa ola limodzi pa njinga, ndipo Loweruka likubwerali ambiri a ife sitili pa ntchito.