Nyanja ya Zigubu Zisanu

Mwezi wa Okutobala Luangwa amaonda. Kuno kwa Mwape, mtsinje umene mu Febuluwale umazula mitengo ndi mizu yomwe umasanduka mchenga wotambalala, madzi n'kutsala m'maiwe apa ndi apo. Madzulo ena, dzuwa likafewa, ndimakakhala pamwamba pa gombe n'kumayang'ana dziwe limodzi. Mvuu zapanikizana pakati, misana ili mbuu. Ng'ona yagona pamchenga kukamwa kuli yasa. Milamba ikutumphukira pamwamba kudzameza mpweya, ndipo timphende tathawira m'mbali mosaya, m'mene kakowa akutidikira. M'dzinja zamoyo zonsezi zimakhala mumtsinje womwewu, koma yofooka imakhala ndi kothawira: mabango, mizu ya mitengo, madzi amatope obisa chilichonse. Mu Okutobala kothawira kulibe. Mtima wa ng'ona sunasinthe, achepa ndi madzi.

Chimene chandibweza padziwepa kawirikawiri chaka chino ndi mwana wa mlongo wanga amene amagwira ntchito ku Durban. Tsiku lina ndili ku boma ku Nyimba, kumene foni imagwira bwino, inalowa vidiyo pa WhatsApp pamodzi ndi mawu ake: "Amalume, ndagula nyanja." Nyanjayo inali thanki yagalasi ya malita 100, kutanthauza zigubu zisanu zimene mayi a kunyumba amatunga pamjigo m'mawa umodzi. Anasungunuliramo mchere wapadera wogula kusitolo, magalamu pafupifupi 35 pa lita iliyonse monga madzi a m'nyanja yamchere alili, n'kuikamo mchenga ndi miyala yazibowo. Nsomba munalibe. Ndinamufunsa ngati zafa kale. Anaseka, nati sanagule n'komwe, ndipo sagula mpaka patapita mwezi ndi masabata. Ndowe za nsomba zimatulutsa amoniya, poizoni amene m'madzi ochepa amapha msanga, choncho mabakiteriya osintha poizoniyo ayenera kuyamba amanga mudzi m'miyalamo. Mnyamata amene ali mwana sankatha kudikira kuti mbatata ipse paphulusa anakhala masabata asanu akuyang'ana madzi opanda kanthu.

Kenako inafika nkhani yosankha, ndipo apa ndi pamene ndinatchera khutu. M'madzi ochuluka choncho, anati, mungakhale tinsomba titatu kapena tinayi basi, ndipo sitilowa tsiku limodzi. Anayamba ndi tiwiri tofiirira ta mizere yoyera, timene kumeneko amati clownfish. Timeneti tili ndi khalidwe limene linandidabwitsa: tonse timayamba ngati tamphongo, ndipo kamene kakula kuposa kanzake kamasanduka kakakazi n'kukhala kolamulira. Ife Ansenga, amene mpando wa Mwape timaudziwa kuti ndi wa amayi, sitingadabwe kwambiri ndi mbali yomalizayo. Koma chinsinsi chake n'chakuti ugule tiwiri tating'ono, kena kokulirapo pang'ono, kuti mkangano wa ukulu uthe usanayambe. Ukaikamo tiwiri timene tasanduka kale tatikazi, timalumana mpaka kamodzi kufa. Atambala awiri salira m'khola limodzi, ngakhale atambalawo atakhala aakazi.

Mwana wa mnyamatayo analirira nsomba yabuluu ya mu filimu ya Finding Nemo ya mu 2003. Bambo ake anakana. Nsomba imeneyo imakula kufika masentimita pafupifupi 30 ndipo imasambira tsiku lonse. Kuiika m'zigubu zisanu kuli ngati kumangirira mphoyo m'khola la nkhunda. Anakananso zina zokongola kwambiri chifukwa zimabudula makorali amene akufuna kudzabzala pamiyala. Ndipo panali kena kabuluu kotchipa, damselfish, kolimba moti sikafa wamba, kamene ongoyamba kumene amakakonda pa chifukwa chomwecho. Vuto lake n'lakuti kakalowa koyamba kamatenga thanki yonse ngati munda wa makolo ake, ndipo aliyense wobwera pambuyo kamamuthamangitsa mpaka asiye kudya. Ngati ukukafuna, kalowe komaliza, anzake atapeza kale mapanga awo.

Mawu akuti "kalowe komaliza" anandikumbutsa dziwe langa.

Zaka zapitazo ndinakumba dziwe la nsomba m'munsi mwa dimba langa, mamita 10 mulitali ndi 8 mulifupi. Ana a mphende ndinabwera nawo pabasi kuchokera ku Chipata m'matumba apulasitiki. Ndinkathira manyowa a nkhuku kuti madzi abiriwire, n'kumawaza gaga m'mawa ndi madzulo. Itagwa mvula ya Januwale, ndinaona kuti gaga akutsala pamwamba. Titakoka ukonde, tinavuula milamba itatu yonenepa ngati mkono wanga, ndi timphende towerengeka. Palibe anaiikamo. Mlamba umapuma mpweya wa kumtunda, ndipo usiku wamvula umakwawa pa udzu wonyowa kuchoka m'khwawa kupita kumene wamva madzi. Chaka chotsatira ndinatchinga polowera madzi ndi sefa, ndinakweza zipupa, ndipo mlamba sunalowe ngakhale umodzi. Ndinkadziona ngati wochenjera. Pokolola ndinadzaza mabeseni ndi tinsomba tosaposa chala chachikulu. Mphende imayamba kuswana ikadali yaing'ono, mayi n'kumasunga mazira m'kamwa, ndipo popanda wodya anawo dziwe limadzaza pakamwa pambiri pa chakudya chomwecho. Zonse zinali moyo, koma panalibe imene inakula.

Mlangizi wa za nsomba atabwera anangoti, "Abambo, mlamba uja munauthamangitsa ndi umene ukusowa pano." Anandiuza kuti ndiikemo yowerengeka, mphende zitakula kale, ndiponso milambayo ikhale yaing'ono moti singameze nsomba zazikulu koma ana okha. Nsomba yomweyo imene inandisaukitsa chaka choyamba inandipatsa mphende zodzaza mbale chaka chachitatu. Chimene chinasintha ndi tsiku lolowa ndi kukula kwa kamwa lake.

Kuyambira pamenepo ndimachita manyazi pang'ono ndikamva munthu akunena kuti nsomba yakuti ndi yankhanza, yakuti ndi yofatsa, ngati kuti tikuweruza mlandu pabwalo. Nkhanza zambiri zimene timaona m'thanki kapena m'dziwe zimakhala zochita zathu: ndife tinachepetsa madzi, ndife tinasonkhanitsa alendo amene sanaitanane. Ndipo lamulo la malo amodzi siligwira kwina. Anthu oweta mbuna za ku Nyanja ya Malawi m'mathanki a ku Ulaya amachita zosiyana ndi za mnyamata wa ku Durban: amazithithikiza dala zambiri, kuti yolusa isapeze mnzake mmodzi womulondalonda tsiku lonse. Kwina mtendere umabwera ndi kuchepa, kwina ndi kuchuluka, ndipo woweta ayenera kudziwa nsomba zake osati lamulo chabe.

Dzanja losankhali likalakwitsa m'thanki, zimafa nsomba zinayi ndipo mwana amalira. Likalakwitsa pamtsinje, kubweza kulibe. Mphende ya ku Nile inabwera m'Zambia m'zaka za m'ma 1980 chifukwa imakula msanga, ndipo alimi anaikonda pa chifukwa chomveka. Inathawa m'maiwe n'kulowa mu Kafue, kumene imaswana ndi mphende ya komweko ya madontho atatu mpaka mtundu kusokonekera. Ku Kariba yakankhira pambali mphende ya m'chigwa cha Zambezi imene inali yochuluka kale. Ku Nyanja ya Victoria, Nile perch imene anaikamo m'zaka za m'ma 1950 inathandiza kufafaniza mitundu ya tinsomba ta komweko yokwana pafupifupi 200. Dziwe langa lili pamtunda woyenda pang'ono kuchokera ku khwawa lothira mu Luangwa. Ngati mlamba unapeza njira yolowera, mwana wa mphende angapeze yotulukira madzi akasefukira. Zimenezi sindinaziganize tsiku limene ndinkatsika basi ndi matumba aja, ndipo sindinafunse n'komwe kuti makolo a tinsombato anachokera kuti.

Pa zonse zimene mnyamatayo wanditumizira, pali vidiyo imodzi imene ndimaibwereza batire likalola. Kansomba kachitatu kamene anagula ndi goby, kachikasu, kamaso otuluka, kokonda kukhala pansi. Anakagula pamodzi ndi kanyama konga nkhanu yowonda kamene amati pistol shrimp. Kanyamaka sikaona bwino, koma ndi katswiri wokumba una mumchenga. Kansombako kamaona bwino, koma una wabwino chotero sikangaukumbe. Choncho amakhala una umodzi. Wokumba akamatuluka ndi mchenga, amakhudzitsa kanyanga kake kamodzi pathupi la mlonda amene wakhala pakhomo. Chithunzithunzi chikadutsa pamwamba, mlonda amagwedeza mchira, ndipo onse awiri amalowa pansi ngati mphezi. Si pachibale, sadya mofanana, ndipo sindikhulupirira kuti amakondana monga ife timanenera chikondi. Wina ali ndi maso, wina ali ndi makasu. Ndimawayang'ana n'kukumbukira agogo anga aamuna m'zaka zawo zomaliza, maso atachita khungu, akupita kudimba dzanja lili paphewa la mdzukulu amene sankadziwa n'komwe pobzala mpiru.

Madzi a pansi pa gombe langali, mvula ikawadzutsa, adzadutsa pansi pa mlatho wa Luangwa pamene amayi amagulitsa nsomba zouma kwa apaulendo a ku Lusaka, adzakumana ndi Zambezi pakati pa Feira ndi Zumbo, adzapuma ku Cahora Bassa, adzadutsa Tete, n'kukalawa mchere kufupi ndi Chinde. Ine nyanja yamchereyo sindinaionepo. Ndimaidziwira m'zigubu zisanu za pafoni.

Sabata yatha analembanso. Patha miyezi inayi, nsomba zitatu zija zili bwino, ndipo pali malo a imodzi. Wapeza ina yoyera kumutu, yofiira kumchira, yamantha, imene imadumpha kunja ikathamangitsidwa, moti ayenera kuyamba wagula chivindikiro. "Amalume, ndiikemo kapena ndisiye momwemo?" Sindinamuyankhe. Kutsidya kwa mtsinje mitambo yayamba kuunjikana pamapiri, mvuu zikulira mosakhazikika, ndipo sefa ya polowera madzi padziwe langa ili ndi bowo limene ndakhala ndikunena kuti ndisoka mawa.