Bwanji timasonkha msanga pa janaza kusiyana ndi pa matenda?



Pali funso lomwe lakhala likundisowetsa tulo chiikireni malume anga m'manda, ndiye lero ndati ndilitule pano tiliganizire limodzi.

Malumewo anali telala chakumsika konkuno ku Ndirande, ndipo anali ndi vuto la BP. Mankhwala ankalandira ulere kuchipatala cha boma, koma miyezi ina amati akalawirira, n'kukhala pamzere mpaka dzuwa lili paliwombo, amangowalembera m'kabuku kuti mankhwalawo atha, akagule ku famase. Tsiku limenelo ndiye kuti sanasoke kanthu, ndipo m'thumba mulibe. Choncho anayamba kumwa lero, mawa n'kudumpha, kuti mapiritsi a milungu iwiri akwane mwezi. Sanauze munthu. Ife tinkakumana nawo kumzikiti tsiku lililonse, tikawafunsa kuti mwadzuka bwanji amangoti Alhamdulillah, ifenso n'kumati basi zili bwino. Tsiku lina anagwa akupanga wudhu. Sitiroko. Patatha masiku ochepa ali m'chipatala, Allah anawatenga.

Uthenga wa maliro unalowa pa gulu la WhatsApp itangotha swala ya Isha. Pofika Fajr zonse zinali zitatheka: sanda, galimoto, nkhuni, ufa, shuga, ndiwo. Wina pa Airtel Money, wina pa Mpamba, wina wabwera yekha ndi kangachepe m'manja. Kope lolembamo chipepeso ndinagwira ndine. Nditawonkhetsa ndinangoti kakasi, chifukwa ndalama zomwe zinasonkhedwa usiku umodzi umenewo zikanatha kuwagulira mankhwala kwa chaka chathunthu n'kutsalako.

Mundimvetse bwino. Sindikunena kuti piritsi likanasuntha tsiku lomwe Allah anawalembera. Ajali ikakwana yakwana. Funso langa likukhudza ife otsalafe: ndalamazi tinali nazo, mtima wopereka tinali nawo, nanga zinalephera bwanji kufika munthu akadali moyo?

Yankho loyamba lomwe ambiri tingapereke ndi loti chipatala cha boma n'chaulere, ndiye sitinaganize kuti pangakhale vuto. N'zoona kuti sulipira pakhomo, ndipo ichi n'chinthu chachikulu chomwe mayiko ena alibe. Koma aliyense yemwe anadwazikapo akudziwa kuti ulerewo uli ndi mtengo wake. Pali thiransipoti ya minibasi kapena kabaza kuchoka ku Goliyo kapena ku Malabada akakutumiza ku Queens. Pali chakudya cha wodwala ndi cha gadiyani. Pali geni yomwe yaima chifukwa mwini wake akugona pansi m'wodi kudikirira m'bale. Pali mankhwala okagula kunja.

Izi si zongodandaula m'minibasi, akatswiri anazifufuza. Kafukufuku wina yemwe anachitikira ku Lilongwe, n'kusindikizidwa mu 2007 m'magazini ya bungwe la WHO, anaunika anthu odwala TB, matenda omwe kuyezetsa ndi mankhwala ake n'zaulere. Anapeza kuti munthu asanauzidwe n'komwe chomwe akudwala amakhala atataya masiku ogwira ntchito okwana 22, ndipo kwa osauka, ukaphatikiza zomwe awononga ndi zomwe alephera kupeza, zimaposa kawiri ndalama zomwe amapeza pamwezi. Ganizirani, amenewo ndi matenda aulere. Pamlingo womwe mayiko amagwiritsa ntchito, banja likamawononga ndalama zoposa 10 pa 100 iliyonse pa zachipatala amati lalowa m'ngozi. Tayang'anani mumzere wa nyumba zakwanuko, ndi mabanja angati omwe akukhala m'ngozi imeneyi mwakachetechete?

Nanga inshuwalansi? Kafukufuku wa dziko lonse wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anaonetsa kuti Amalawi omwe ali pa inshuwalansi ya zachipatala sakwana asanu pa anthu 100 aliwonse. Makadi a MASM amapezeka kwambiri ndi anthu olembedwa ntchito m'makampani ndi m'mabungwe. Telala, wakabaza, mayi wogulitsa tomato, wokhoma zidebe kumsika, mnyamata wa maganyu, onsewa inshuwalansi yawo ndi m'bale, ngongole ya ku banki m'khonde, kapena katapila. Ndipo kwacha itagwa ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023, mitengo ya ku famase inakwera nayo, poti mankhwala ambiri dziko lathu limaitanitsa kunja.

Tsono apa ndi pomwe ife Asilamu timakonda kutsekera nkhani. Wina amati inshuwalansi ndi haramu. Wina amati kukonzekera matenda n'kusowa tawakkul, kapena n'kudziitanira tsoka. Inenso ndinkayankhula choncho, moti nkhani ikatha ndinkadzimva kuti ndine wa imaani yolimba. Lero ndikuona kuti ndinkagwiritsa ntchito mawu achipembedzo kubisira ulesi wanga woganiza.

N'zoona kuti ma ulamaa ambiri anaikana inshuwalansi yamalonda. Bwalo la akatswiri a fiqh la ku Jeddah linagamula choncho mu 1985, chifukwa cha gharar, kutanthauza kugula chinthu chosadziwika ngati udzachipeza, kuwonjezera apo makampani otere amakonda kuika ndalamazo pa riba. Koma chigamulo chomwecho chinaloleza njira ina, yothandizana, yomwe anthu amasonkha ngati chopereka kuti yemwe wagwa m'vuto athandizidwe. Imeneyi ndiye takaful. Kampani yoyamba yamtunduwu inayamba ku Sudan mu 1979, ndipo Malaysia inakhazikitsa lamulo lake la takaful mu 1984. Ife tinamva theka loyamba lokha, loti haramu, theka lachiwiri lotipatsa ntchito tinalisiya.

Ndipo maganizowa sanayambe dzulo. Anthu a fuko la Ash'ari, chakudya chikawachepera paulendo kapena ku Madina, ankasonkhanitsa zomwe aliyense watsala nazo pa nsalu imodzi n'kugawana mofanana, ndipo Mtumiki (SAW) anawayamikira kwambiri pa khalidwe limeneli. Ku Cairo, mu 1284, Sultan Qalawun anamanga chipatala chachikulu chomwe chinkayendera chuma cha waqf, odwala osalipira kanthu. Anthu amenewa sanali ochepa tawakkul kuposa ife. Ankadziwa kuti wochiritsa ndi Allah, n'kudziwanso kuti kusaka mankhwala ndi kumangirira ngamira ndi udindo womwe Iye anausiya m'manja mwathu.

Ndiye bwanji pa janaza timathamanga? Ndaganizira zifukwa zitatu, ndipo zonse zikundikhudza ineyo.

Choyamba, janaza tinaphunzitsidwa kumadrasa kuti ndi fardh kifaaya, akalephera onse tachimwa tonse. Koma kuzonda wodwala timakuona ngati kungokhala pamphasa mphindi khumi, kupanga duwa, n'kutsazika. Duwa ndi yofunika zedi, koma munthu ukamusiya ndi pepala la mankhwala lomwe sangakwanitse kugula, iwe m'thumba muli ya bandulo ya sabata yonse, kuzondako kwakwanira?

Chachiwiri, maliro amaoneka ndipo amatha. Dzina lako lilembedwa m'kope, mawa taika, nkhani yatha. Matenda ngati BP, shuga, khunyu kapena mphumu satha. Amafuna munthu wopereka mwezi ndi mwezi popanda womuona. Apa ndi pomwe niya yathu imayesedwa.

Chachitatu, wodwala amabisa. Malume anga anali munthu wodzilemekeza, sakanaima pakhomo la mzikiti kupempha ya mapiritsi. Ndipo tinene zoona, anthu amabisa chifukwa amatidziwa pakamwa pathu. Ukaulula lero, mawa Ndirande yense wamva, ena awonjezera kale matenda omwe ulibe.

Ndikudziwa kuti ena mukuti, aise, nkhani za thumba la ndalama ndi zomwe zimaphwasula magulu, msungichuma adzathawa nazo. Mantha amenewo ndi oona, tinazionapo. Koma thumba la maliro timalisunga ndithu, ndipo sitinasiye kuika maliro chifukwa choti wina anabapo. Chofunika ndi dongosolo: osayinira atatu, lipoti la mwezi ndi mwezi lopanda mayina a odwala, ndalama kulipira ku famase mwachindunji pobweretsa kabuku ka kuchipatala, ndi anthu awiri okha odziwa kusunga chinsinsi, m'modzi wa abambo wina wa amayi.

Ena mukuti uwu ndi udindo wa boma. Ndikugwirizana nanu kwathunthu. Mu 2001 ku Abuja mayiko a mu Africa analonjeza kuika 15 pa 100 ya bajeti ku zaumoyo, ndipo tili ndi ufulu wofunsa aphungu ndi makhansala athu kuti lonjezo limenelo lili pati, komanso kuti mankhwala amasowa bwanji m'zipatala. Thumba lathu laling'ono silingalipire opaleshoni kapena makina otsuka impso. Koma pamene tikufunsa bomalo, mayi wa nyumba yachitatu kuchoka kwanu akudula piritsi pakati usiku uno. Zinthu ziwirizi sizilimbana, tizichite zonse.

Ndirande si wachilendo pa kafukufuku. Mu 2018 ana oposa 28,000 a kuno ndi ku Zingwangwa analowa m'kafukufuku wa katemera wa taifodi, ndipo mu 2023 katemerayo anayamba kuperekedwa kwa ana m'dziko lonse. Mwina mng'ono wako anali m'gulu limenelo. Anthu anabwera, anatiwerenga, anafunsa mafunso, ndipo zotsatira zake zinathandiza dziko. Nanga ifeyo tinadziwerengapo? Timadziwa kuti pa Jumu'ah pamakhala mizere ingati, koma sitidziwa kuti m'mizeremo ndi angati omwe adumpha mankhwala mwezi uno, ndi angati omwe agulitsa foni kapena makina osokera chifukwa cha matenda a mwana, ndi angati omwe alowa katapila akudziwa kuti ndi riba poti panalibe kwina kolowera.

Pempho langa ndi laling'ono. Ife achinyamata tiyambe ndi kafukufuku wathuwathu: timapepala topanda mayina, mafunso atatu omwewa, kumbali ya abambo ndi ya amayi, Lachisanu limodzi lokha. Zomwe tipeze tikazitule kwa a Shehe ndi akuluakulu a komiti ya mzikiti, atiunikire mbali ya sadaka ndi ya zakaat, kuti iti ingalowe pati. Kenako aliyense alonjeze kangachepe komwe angathe mwezi uliwonse, ngakhale mtengo wa bandulo imodzi. Ndipo thumba lisanayambe n'komwe, sabata ino mufunseni wamkulu m'modzi wa kwanu funso lomwe ine sindinawafunse malume anga: mankhwala anu alipo okwana mwezi uno?

Kope la chipepeso lija ndikadali nalo. Muli mayina a anthu abwino, anthu omwe akanapereka mosanyinyirika akanangouzidwa nthawi ikadalipo.

Allah awakhululukire malume anga ndi onse omwe anatsogola, achize odwala athu m'makomo ndi m'zipatala, ndipo atipatse mitima yofika msanga. Ameen.