Fisi ndi Bawuti ya Kumanja

Padangokhala Fisi. Fisiyo anali ndi njinga yamoto yofiira, ndipo ankachita kabaza pamsewu wa M1, pakati pa Dedza ndi msika wa Lizulu. Ankanyamula chilichonse: nyama zinzake, matumba a mbatatesi, madengu a tomato ndi kabichi. Akangomva ndalama zikulira m'thumba la wina, makutu ake ankaima njo!

Pansi pa mkuyu, m'mbali mwa msewuwo, pankakhala a Kamba, okonza njinga.

Tsiku lina tayala la kumbuyo linaphwa, ndipo Fisi ndi mwana wake anakankha njinga mpaka pamkuyu. A Kamba anachotsa tayala, namata chubu, napopa. Fisi anayamba kupukuta mpando kuti azipita.

"Khala pansi, mdzukulu wanga," anatero a Kamba. "Tayala silinabwerere kwawo."

Zitsulo zonse anali atazindandalika pa saka, chilichonse mbali imene chinachokera. Anabwezera timaraba tokhala pakati pa tayala ndi sipuloketi. Anakoloweka tcheni pa mano ake. Anapaka ekiselo girisi pang'ono, nailowetsa kudzera m'kapaipi kolekanitsa tayala ndi foloko. Anamanga chitsulo chogwira mbale ya buleki. Koma nati ya ekiselo anangoigwiritsa, osaimanga zolimba.

Kumapeto kwa foloko kunali mabawuti awiri okokera tayala kumbuyo. Imodzi inali kumanzere, kumene kuli tcheni. Inayo inali kumanja. A Kamba anazunguza ya kumanzere theka. Ananyamuka, nazungulira njinga pang'onopang'ono, nazunguza ya kumanja theka. Anawerenga timizere tojambulidwa pa foloko. Anabwerera kumanzere, nawerenganso. Kumanzere, kumanja. Kumanja, kumanzere.

Pamsewu panaima Gwape ndi dengu lake. Nyani anafika ndi njinga yake, namunyamula. Panaima Kalulu. Nyani anamunyamulanso.

"Agogo, ndalama zanga zikupita!" analira Fisi.

A Kamba anazunguza tayala mpaka anapeza pamene tcheni inali yokungika kwambiri. Anaikankha ndi chala chapakatikati, pakati pa masipuloketi awiri. Inakwera ndi kutsika masentimita 2 mpaka 3.

"Yakhwepa imeneyo," anatero Fisi. "Kokani."

"Ukakweza matumba, kumbuyoku kumatitimira, ndipo tcheni imadzikunga yokha. Uziisiyira popumira."

Kenaka anatenga chingwe cha khonje. Anachikoloweka kuseri kwa tayala la kumbuyo, nachikoka mbali zonse ziwiri mpaka kutsogolo. Anagwada, natsinzina diso limodzi. Mpata wa pakati pa chingwe ndi tayala la kutsogolo unali wofanana uku ndi uku. Apo m'pamene anamanga nati ya ekiselo zolimba, nalowetsa kapini kake, natchera buleki, nayesanso tcheni.

Fisi analipira akung'ung'udza. "Ntchito ya kamphindi, mwaisandutsa ya tsiku lonse."

Panapita miyezi. Usiku wina, kutatsala maola ochepa kuti tsiku la msika lifike, munga unabaya tayala lomwelo. Fisi anati, "Kwa madala aja sindipitako. Ndinaona zonse ndi maso angawa." Anabwereka masipanala, naitana mwana wake kuti agwire nyali.

Kuchotsa kunali kosavuta. Kumata kunali kosavuta. Anabwezera tayala, nalowetsa ekiselo, nagwada kumanzere. Anazunguza bawuti, nazunguzanso, nazunguzanso. Anakhudza tcheni ndi chikhadabo, ndipo inalira ngati nsambo ya kaligo. Fisi anaseka.

"Ababa," anatero mwana, "kumanjako simupitako? Agogo aja ankazungulira."

"Imene imakoka njinga n'chiyani?"

"Tcheni."

"Imene imabweretsa ndalama n'chiyani?"

"Tcheni."

"Nanga tcheniyo ili kuti? Kumanjako kuli kabawuti kongokhala, kosakoka kanthu. Gwira nyali bwino."

Anamanga nati ya ekiselo ndi mphamvu zake zonse, mpaka kupondapo ndi phazi, nakagona.

Kutacha, njinga inalira bwinobwino. Koma itafika pamsewu, inayamba kuyenda chammbali ngati nkhanu. Mutu unkafuna ku Lizulu, matako ankafuna kutchire. Fisi anagwira mahandulo mokhotetsa kuti ayende molunjika.

"Mwakhala mopendekeka, a Gwape," anatero. "Sunthirani uku."

Gwape anasuntha. Njinga sinasinthe.

Mawa lake anati vuto ndi msewu. Mkuja wake anati vuto ndi mphepo yochokera kuphiri la Dedza. Pakutha pa sabata anati, "Nyani wandilodza, akufuna makasitomala anga." Anapita kwa Kadzidzi, nagula chithumwa ndi ndalama za maulendo atatu, nachimangirira pa mahandulo.

Tcheni nayo inali itayamba nyimbo yake:

Tswii, tswii, ndikudya mbali imodzi,
Tswii, tswii, mnzanga ali kuti?

Fisi anaithira oilo wakuda kuti itonthole. Inatonthola mpaka masana, niyambanso. Mano a sipuloketi anayamba kunyezimira mbali imodzi ngati mpeni wonola. Tayala linayamba kutha mokhota. Petulo amene kale ankafika naye madzulo anayamba kumuthera dzuwa lili m'mwamba. Mapewa ake ankawawa chifukwa cholimbana ndi mahandulo. Madzulo alionse ankagwada kumanzere, nayang'ana tcheni, naikokanso pang'ono.

Ndiye linafika tsiku lalikulu la msika. Mayi Njati anali ndi matumba atatu a mbatatesi.

"A Fisi, tipange maulendo awiri," anatero. "Katunduyu ndi wolemera, ndipo inenso sindine wopepuka."

Fisi anaona Nyani akuyandikira. Anawerengera mumtima: ulendo wachiwiriwo ungagwe m'manja mwa wina.

"Kwerani, mayi. Zonse pakamodzi."

Anamanga matumba awiri kumbuyo, limodzi pa thanki. Mayi Njati anakhala pakati. Kumbuyo kwa njinga kunatitimira, ndipo tcheni, imene inalibe popumira, inasiya kuimba. Inangoti zii.

Anayenda, nayenda. Anafika pachitunda. Fisi anatsitsa giya, nakoka mafuta. Injini inabangula. Pakati pa chitundacho panali dzenje. Tayala linagweramo, di! Ndipo tcheni inati thi!

Injini inalira yokha, yopanda chokoka. Njinga inaima, niyamba kubwerera chambuyo, nipendekeka, nigwa khu! m'ngalande. Matumba anaphulika. Mbatatesi inagubuduka chitunda chonse, gubudu gubudu, ina kulowa m'tchire, ina kuphwanyidwa ndi malole. Mayi Njati anadzuka atasupuka bondo, mphuno zikutuluka utsi.

"Mundilipira thumba lililonse," anatero. Ndipo anakwera njinga ya Nyani.

Inu amene mukumvera, mukuganiza kuti Fisi atadzuka anathamangira mbali iti ya njinga? Anathamangira kumanzere. Anatola tcheni yoduka, naitukwana, naitukwaniranso amene anaipanga.

Dzuwa linali litapendeka pamene anafika pamkuyu, akukankha njinga, tcheni ili m'khosi.

"Agogo, anandigulitsa tcheni yabodza."

A Kamba sanaiyang'ane tcheniyo. Anawerenga timizere ta kumanzere: kamodzi, kawiri, katatu, kanayi, kasanu. Ananyamuka, nazungulira njinga pang'onopang'ono. Fisi anawatsata pambuyo. Kumanja anawerenga: kamodzi, kawiri. Bawuti ya kumeneko inali itakwiririka ndi fumbi, ndipo kangaude anali atamangapo nyumba.

"Ngolo ya kwanu imakokedwa ndi ng'ombe zingati?" anafunsa a Kamba.

"Ziwiri."

"Imodzi ikatsogola, inzake n'kutsalira, ngolo imapita kuti?"

Fisi anayang'ana pansi.

A Kamba anagwedeza tayala uku ndi uku, ndipo linati gwedegwede. Anayamba kutchula zogula: tcheni yatsopano, sipuloketi ya kumbuyo, sipuloketi ya kutsogolo, maberingi a tayala, ndi tayala lenilenilo. Fisi anagulitsa mbuzi ziwiri. Yachitatu inapita kwa Mayi Njati.

Zitsulo zitabwera, a Kamba anakhala pa chitsa, napereka sipanala kwa Fisi. Chingwe cha khonje anapatsa mwana uja.

Fisi anagwada kumanzere, nazunguza bawuti theka.

"Zungulira," anatero a Kamba.

Pamsewu panaima Gwape ndi dengu lake. Makutu a Fisi anaima njo! Kutali kunamveka njinga ya Nyani ikubwera. Fisi anayang'ana Gwape, nayang'ana sipanala. Kenaka anadzuka, nazungulira njinga, nagwada kumanja, nayamba kuchotsa ukonde wa kangaude ndi chala.