Pamene Wopulumuka Adziimba Mlandu

MU May 1845, zombo ziŵiri za Britain, Erebus ndi Terror, zinanyamuka motsogozedwa ndi Sir John Franklin kukafunafuna njira ya panyanja kumpoto kwa Canada. Zombozo zinagwidwa m'madzi oundana, ndipo amuna onse 129 anafera komweko. Mabwinja ake anapezedwa mu 2014 ndi mu 2016.

Seŵero la pa wailesi yakanema la mu 2018 lotchedwa The Terror linawonjezera chilombo chamizimu chongopeka pa mbiriyo. Linapekanso kuti Kaputeni Francis Crozier anapulumuka yekha, nakhala pakati pa Ainuit, osafuna kubwerera kwawo. Chilombocho nchabodza, komabe mtolo wa mwamunayo ngwodziŵika kwa ambiri amene anapulumuka nkhondo, ngozi, kapena mliri. Iwo amafunsa kuti: 'Kodi nchifukwa ninji ndinatsala pamene anzanga anafa?'

Davide anaudziŵa mtolo umenewu. Pothaŵa Mfumu Sauli, iye analandira mkate kwa wansembe Ahimeleki ku Nobu. Sauli atamva, analamula Doegi kupha ansembe 85. Abyatara yekha anathaŵa, ndipo Davide anamuuza kuti anadziona kukhala wochititsa imfa zonsezo. (1 Samueli 22:18-23) Komatu wopereka lamulolo anali Sauli, ndipo wogwira lupanga anali Doegi. Mtima wachisoni kaŵirikaŵiri umasenza liwongo la ena.

Chotero wopulumuka afunikira kulekanitsa zinthu ziŵiri. Choyamba, kukhala ndi moyo si tchimo. Yesu anatchula anthu 18 amene nsanja ya m'Siloamu inawagwera, nasonyeza kuti iwo sanali ochimwa koposa anansi awo. (Luka 13:4, 5) Ngati akufawo sanafe chifukwa cha kuipa, otsalawo sanabe malo a munthu aliyense. Tsoka limagwa mosasankha. (Mlaliki 9:11)

Chachiŵiri, nthaŵi zina cholakwa chimakhalapodi. M'seŵerolo, uchidakwa wa Crozier unaika amalinyero ake pangozi, ndipo iye anausiya. Chisoni chotero nchopindulitsa, pakuti chimasintha njira ya munthu. Petro analira moŵaŵa mtima atakana Mbuye wake, koma anabwerera nalimbikitsa abale ake. Yudase anamvanso chisoni, komano anadziweruza yekha nadzipha. Paulo anafotokoza kuti chisoni chaumulungu chimatsogolera ku kulapa, pamene cha dziko chimabala imfa. (2 Akorinto 7:10)

Kodi Davide anachitanji ndi chisoni chake? Sanabisale kwa wotsalayo. Anauza Abyatara kukhala naye mopanda mantha, ndipo mwamunayo anatumikira monga wansembe m'masiku onse a ufumu wake. Davide sakanatha kuukitsa 85 aja, koma anatha kusunga mmodzi.

Wovutika ndi liwongo angachite zofananazo: aulule cholakwa chenicheni m'pemphero, auze bwenzi lofikapo za nkhaŵa yake, ndiyeno asamalire amoyo amene ali pafupi naye. Pamene mtima wake ukali kumtsutsa, akumbukire kuti Mulungu ali wamkulu kuposa mtimawo, ndipo adziŵa nkhani yonse. (1 Yohane 3:19, 20)